Mlonda wa a Kachiza

Uthenga woti a Kachiza atisiya unabwera ndi munthu wa panjinga. Anaima pakhomo pa chipatala chathu chaching'ono cha mishoni, buluku litanyowa ndi mame, n'kufunsa kuti Sisitere ali kuti. Ine ndinamva kuseka kukukwera pakhosi, kuseka koipa kuja kobwera nthawi yolakwika. Munthu amene moyo wake wonse unathera pa nthambo za foni, amene anatilumikiza ndi maiko akutali ife anthu a kuseri kwa Kaphuka, imfa yake inayenda panjinga ngati ya wina aliyense. Papita mwezi tsopano chiwaikire m'manda, koma mtima wanga sunakhale pansi.

Pamaliro panali kukokanakokana pang'ono. A Kachiza anali mkamwini m'mudzi wa akazi awo, ndiye abale awo a ku Chimbiya anabwera ndi galimoto yobwereka kuti thupi likagone kwawo monga mwa mwambo. Mayi Kachiza sanachulutse mawu. Anangoti mwini wake ananeneratu kuti adzamuike pafupi ndi Tadala, mdzukulu wawo amene anatsogola miyezi yochepa m'mbuyomo. Dzina la mwanayo litatchulidwa, palibe anatsutsanso, ndipo galimoto ija inabwerera yopanda kanthu.

Ine ndine wotayipa pachipatalapo, ndipo ofesi yanga inagundana ndi kachipinda ka a Kachiza. Kwa zaka zingapo ndinkawamva kudzera pakhoma akukalipira zitsulo. Anali munthu wamtali, wouma thupi, wosavula chipewa chaubweya ngakhale mu Okutobala. M'thumba la malaya, mmene anzawo amaikamo cholembera, iwo ankaikamo sikuludiraiva. Unyamata wawo wonse anakwera mapolo a foni, ndipo atapuma pantchito, zipani zambiri zili pafupi kuyamba, Sisitere Benedeta anawatenga kuti aziyang'anira jenereta, mabatire ndi foni yathu imodzi ija. Sankakonda kufunsidwa kawiri. Ukawafunsa ngati chinthu chakonzeka, ankakuyang'ana pamwamba pa magalasi mpaka iwe mwini uchite manyazi.

Chimene chinkatiseketsa kwambiri n'choti ankanunkhiza zipangizo. Ukawapatsa wailesi yakufa, asanaitsegule n'komwe ankaiika pamphuno ngati mayi woyesa ndiwo za dzulo. Ankati chitsulo chimene chinapsapo sichibisa, fungo limakhalabe ngakhale wogulitsa atachipukuta ndi mafuta. Ankanenanso kuti chilichonse chozungulira chimafa msanga, ndipo chinthu chatsopano sankachikhulupirira chifukwa sichinaonepo mavuto. Tinkawanena kuti ndi okakamira zakale, iwo n'kumayankha kuti zakalezo n'zimene zinafika lero.

Nkhani ya Mlonda inayamba ndi Dokotala Marita, mayi wachizungu amene anagwira nafe ntchito kwa kanthawi. Anthu a kwawo anatitumizira makompyuta akale angapo ndi imodzi yatsopano, yoyera mbee. Dokotala anafotokoza kuti pakufunika kompyuta imodzi yoima pakati pa foni ndi zinzake. Ntchito yake ikhale kuimba ku Blantyre ola lililonse, kutenga mauthenga athu a imelo, kuwagawa ku ofesi, kosungira mankhwala ndi kwa Sisitere, komanso kutsekereza aliyense wakunja wofuna kusuzumira m'makompyuta athu. Nzeru zonse za ntchitoyi zinali pa kadisiketi kamene anabwera nako. A Kachiza sanadzitame kuti akudziwa za m'kadisiketimo. Iwo anangopempha kuti thupi lake asankhe okha.

Sisitere ankafuna yatsopano ija, ndipo n'zomveka. Ntchito yofunika amaipatsa chinthu chabwino. Koma a Kachiza anayala makompyuta akale onse pakhonde ngati ali pamsika wa mbuzi. Anatsegula iliyonse, kuinunkhiza, kuinyamula kuti amve kulemera kwake, kugunditsa sikuludiraiva pachitsulo n'kuika khutu kuchigwiriro. Zopepuka anazikankhira kumbali. Pomaliza analoza yonyansa kuposa zonse, yachikasu ngati mano a wosuta fodya, yophwanyika pakona.

"Abambo, mwasiya zonsezi n'kusankha chimenecho?" anafunsa Sisitere.

"Chikomekome cha mkuyu, Sisitere, m'kati muli nyerere. Iyi anaigwetsapo, onani apa, koma ikuyakabe. Yanuyo sitikuidziwa mtima wake."

Atatero anayamba kuichotsa ziwalo. Anachotsa chimbale chosungira zinthu chifukwa chimazungulira. Anachotsa kafani kam'kati, ati kuno ku Dedza chisanu n'chaulere, bwanji tivutike ndi chokupizira. Anaikhazika panjerwa kuti chinyezi chisaifike, n'kumata neti pamabowo onse kuopa mphemvu ndi mavu. Kunja kwa zenera anakumba dzenje, anakhomamo ndodo yamkuwa, n'kuthiramo makala ndi mchere kuti mphenzi ikabwera izilowera pansi. M'chilimwe ankathirira dzenjelo madzi, ndipo odwala ankafunsa kuti agogowa anabzala chiyani chosamera. Chozungulira chimene chinatsala chinali kadisiketi kokha, ndipo kankazungulira pokhapokha bokosilo likamayatsidwa. Ndiye a Kachiza anapereka lamulo loti lisadzazimitsidwe. Analilumikiza ku mabatire omwe ankayendetsa firiji ya katemera, n'kulitcha dzina loti Mlonda.

Mlonda akamaimba, modemu yake, kabokosi kamene kamalankhula ndi foni, kankalira ngati nkhumba yomangidwa pakaliyala. Poyamba amayi a kusikelo ankathawa. Kenako tonse tinazolowera, moti anamwino ankadziwira nthawi yopereka mankhwala pa kulirako.

Mnzawo wapamtima wa a Kachiza, amenenso ankakangana naye koposa, anali Che Amadu, Msilamu wa golosale kuboma. Che Amadu ankapitapita ku Lilongwe ndi kutsidya kwa malire, ndipo ndi iwo ankatibweretsera mafyuzi, nthambo ndi zina. Vuto linali loti a Kachiza sankaika chipangizo chatsopano pa Mlonda tsiku lomwelo. Anali ndi shelefu imene ankaitcha chikamwini. Chilichonse chobwera chinkayamba chakhala pamenepo, choyatsidwa, nyengo yonse ya mvula. Chikapirira, ndiye chapatsidwa malo. Ankati iwonso analima munda wa apongozi zaka zambiri asanaloledwe kumanga nkhokwe yawoyawo, ndiye chitsulo n'chiyani kuti chingofika n'kukhala pampando.

Tsiku lina Che Amadu anabweretsa modemu yatsopano, yothamanga, ikadali m'pulasitiki.

"Iyi ndiye yeniyeni, achimwene. Ku Lilongwe mabwana onse ali ndi imeneyi."

"Mabwana a ku Lilongwe akudziwa mphenzi ya kuno?" A Kachiza anainunkhiza n'kuiika pashelefu. "Iyambe yalima."

"Inu mudzafa ndi njala nkhokwe ili yodzaza! Katundu wanga mumamuyesa wakuba?"

"Katundu wanu ndi mlendo, Che Amadu. Mlendo sitimupatsa makiyi."

Ankatha kukangana chonchi mpaka tiyi kuzizira, kenako n'kuperekezana mpaka pamsewu akuseka. Inenso ndinayambanapo ndi a Kachiza kambirimbiri. Akangoona mtambo wakuda ukutsika phiri, ankazula nthambo ya foni, ngakhale uthenga uli pakati. Ndikadandaula ankati, "Iwe Nambewe, uthenga ubweranso, koma modemu ikapsa ulira ndiwe." Ndinkapsa mtima, ndipo nthawi zambiri mtambowo unkangodutsa osagwetsa n'dontho lomwe.

Tsopano ndinene za Tadala. Anali mwana wa mwana wawo wamkazi amene anamwalira, ndiye ankaleredwa ndi agogo akewo. Anali kamtsikana ka sitandade 2, kolongolola, koma kakayenda pang'ono kankanjuta pansi kuti kapume, milomo itada. Dokotala Marita anamupima n'kunena kuti anabadwa ndi bowo mumtima, ndipo kuno kwathu opaleshoni yake sinkatheka. Pochoka analonjeza kuti akapeza anthu akufuna kwabwino ndi malo pachipatala china cha ku Joni. Anachenjeza kuti ana odikira ndi ambiri, choncho malo akapezeka uthenga udzabwera pa imelo, ndipo tidzayankhe msanga. Pasipoti inapangidwa. Mayi Kachiza anagula kachikwama ndi nsapato zatsopano, n'kuziika pamwamba pa kabati.

Kuyambira pamenepo a Kachiza anasiya kupita kunyumba masana. Nthawi yoimba ikayandikira ankakhala pafupi ndi Mlonda, ndipo kulira kukatha ankagogoda khoma langa. Sankafunsa kanthu, kugogodako kunali kokwanira. Ine ndinkayang'ana pakompyuta n'kuyankha kuti palibe. Nthawi zina Tadala ankabwera nawo, n'kumaseka nkhumba ya agogo ake, mpaka kuseka komweko kumutsamwitsa.

Mvula itangotha, m'mawa wina Mlonda anaimba koma sanayankhidwe. Ndinanyamula foni, munali zii. A Kachiza anatenga ndodo n'kutsata mapolo, ndipo anabwerera dzuwa litapendeka, nkhope itagwa. Akuba anali atadula nthambo dambo lonse, kuchokera pamlatho mpaka kumunda wa mbatatesi wa kutsidya. Masiku amenewo zinali zitayamba kuchuluka, anthu ankati mkuwa ukugulidwa bwino. Kwa a Kachiza zinali ngati munthu wafukula manda. Ankangobwereza kuti m'nthawi yawo nthambo ikaduka m'mawa, dzuwa silinkalowa isanalumikizidwe.

Anapita kuboma kukaonana ndi anzawo akale a ntchito za foni. Anawalandira bwino, anawapatsa mpando, koma galimoto inali yakufa ndipo nthambo kunalibe. Anawauza kuti sabata yamawa. A Kachiza anakhulupirira, chifukwa ena mwa anyamatawo anawaphunzitsa okha kukwera polo. Sabata yamawayo itafika, anauzidwanso chimodzimodzi.

Sisitere Benedeta sanachedwe kuona njira. Anati tinyamule Mlonda tipite naye kuboma, tikamulumikize pafoni ya Che Amadu, timve ngati kuli uthenga. Nambala yoimba ndi mawu achinsinsi zonse zinali m'kadisiketi kaja, ndiye panalibe kompyuta ina imene ikanagwira ntchitoyo. A Kachiza anakana. Kunyamula Mlonda kunkafuna kumuzimitsa, ndipo anali asanazimepo chiyambire. Kadisiketi kena kapadera kamene Dokotala anasiya kanali katachita chuku ndi chinyezi. Kanatsala kamodzi komweko, kamene kanali kasanazungulire kwa nthawi yaitali, ndipo msewu wathu ndi wa mabampu okhaokha.

"Akakana kudzuka kumeneko, tidzatani?" anatero. "Dokotala ali kutali. Apa tili ndi chinthu chamoyo, chikungosowa nthambo. Mukufuna tikhale ndi nthambo, chinthu chitafa?"

"Nanga uthenga ukakhala kuti wafika kale, abambo?"

"Anyamata abwera Lolemba. Andilonjeza ine."

Sisitere akanatha kulamula, chipatala chinali m'manja mwawo. Koma mwanayo anali wa a Kachiza, ndipo wodziwa kumasula ndi kulumikiza nthambo zonse zija anali iwo okha. Sisitere anayesa kuimbira Dokotala Marita ali kuboma, koma ankayankhidwa ndi makina olankhula chinenero chakwawo. Ife ena tinkangoyang'ana. Palibe chopweteka ngati kuona munthu akulakwitsa chifukwa cha chikondi, iwe wopanda mawu omubweza nawo.

Lolemba lina litadutsanso, a Kachiza anachita chinthu chimene sindidzaiwala. Anasonkhanitsa waya wa mpanda, wina wopempha, wina womasula kukhola la nkhumba kwawo, anatulutsa zitsulo zawo zakale zokwerera, n'kupita kudambo. Nkhalamba ya imvi inakwera polo, anthu ochokera kumunda ataima m'munsi ndi makasu awo. Mayi Kachiza anafika akuthamanga.

"Tsikani, inu! Mukufuna ndilire awiri?"

Sanatsike mpaka atamaliza. Titanyamula foni tinamva mawu akutali kwambiri, okutidwa ndi phokoso ngati la mvula pamalata. Munthu akanatha kukuwa n'kumveka pang'ono, koma Mlonda ankalira, kulira, n'kudula. A Kachiza anayesa tsiku lonse. Manja awo anali atachekekachekeka ndi waya, ndipo anakana kuti anamwino awamange.

Amene anathetsa nkhaniyi ndi Che Amadu. Anamva kwa Sisitere, ndipo m'mawa wina anafika ndi kapikapu kawo, kumbuyo atayala matiresi.

"Achimwene, lero sindinabwere kudzakangana. Zimitsani chinthucho."

"Chikafa?"

"Chikafa chafa. Ine ndi inu tidzapita ku Blantyre, tikagwade kumene amasunga mauthengawo. Koma mwana uja sangadikire anyamata anu. Dzulo ndamuona, akulephera kufika pachitsime."

A Kachiza anatambasula dzanja n'kuzimitsa. Anakulunga Mlonda m'bulangete, anakana kukhala kutsogolo, n'kukhala pamatiresi atamufukata pamiyendo. Ine ndinapita nawo chifukwa mauthenga ankabwera m'Chingerezi, ndipo tinatenganso kompyuta yanga yowerengera. Pabampu iliyonse ndinkawaona akutseka maso.

Kugolosale tinamukhazika pakauntala, pakati pa matumba a shuga ndi chigubu cha palafini. A Kachiza analumikiza nthambo, anapukuta manja pabuluku, n'kuyatsa. Kadisiketi kanazungulira, kanagogoda pang'ono, ndipo Mlonda anadzuka ulendo woyamba womwewo ngati sanayende n'komwe. Anaimba, anayankhidwa, mauthenga anayamba kulowa.

Mauthenga a Dokotala Marita analipo atatu. Woyamba unkati malo apezeka, ndege ilipiridwa, tiyankhe lisanafike Lachisanu. Wachiwiri unkafunsa kuti tili kuti, bwanji foni sikulowa. Wachitatu unali waufupi. Unkati apepese, malowo apatsidwa kwa mwana wina, ayesanso. Ndinawamasulira onse m'Chichewa. M'golosalemo munali mayi wina wodzagula sopo, ndipo anatuluka mwakachetechete osagula.

"Woyambawo unabwera liti?" anafunsa a Kachiza.

Ndinawauza. Unali wa sabata yomwe Sisitere ananena koyamba kuti tinyamule bokosilo.

Sanalire. Anaika dzanja pamwamba pa Mlonda, pakona yophwanyika ija, n'kunena motsitsa kuti, "Ndinasankha bwino. Bwanji sindinamukhulupirire?"

Che Amadu anavula kofia n'kuivalanso, kenako anapita kukaima pakhomo, nsana uli kwa ife.

Nthambo anadzalumikiza patapita nthawi, ndipo Mlonda anabwerera panjerwa zake. Tadala sanadikire malo achiwiri. Anamwalira chisanu cha Juni chitangoyamba, ali m'manja mwa agogo ake aakazi, ndipo ndinalembera Dokotala kumudziwitsa. A Kachiza anapitiriza kubwera kuntchito, koma sanagogodenso khoma langa. Anasiya kukalipira zitsulo. Che Amadu akabweretsa katundu, ankangolandira n'kuthokoza, ndipo Che Amadu anandiuza kuti kuthokozako kunkawapweteka kuposa kutukwanidwa. Ambiri tinayesa kuwauza kuti olakwa ndi akuba, kuti mwina opaleshoniyo sikanathandiza, kuti zonse ndi Mulungu. Ankavomera ndi mutu mwaulemu, monga mmene umavomerera mwana akamakufotokozera zinthu zimene sakuzidziwa. Sanadwale nthawi yaitali. Anamwino anati ndi chibayo, ndipo ine sinditsutsa anamwino.

Kachipinda kawo sitinakapatse munthu wina. Sisitere amati tidzaona, koma kiyi amangoisiya pachitseko. Mukalowa, kumanzere kuli benchi imene inasalala pamalo pamene ankakhala, ndipo pansi pake pali nsapato zawo za jombo, imodzi itagwa cham'mbali. Pamsomali papachikidwa lamba wokwerera mapolo. Pazenera pali kapu ya malata, m'kati mwake muli timisomali tosanjidwa mwa ukulu wake, ndipo palibe amene walimba mtima kutikhuthula kuti amwere kapuyo. M'chipindamo mumazizira kuposa panja. Mlonda yekha ndiye akugwirabe ntchito, ola likakwana amaimba.

Lachiwiri lapitali Mlonda anabweretsa uthenga wochokera kuchipatala cha ku Joni chija. Zikuoneka kuti dzina silinafufutidwe kumeneko. Unkati malo a Tadala Kachiza apezekanso, tiyankhe msanga. Unatifika ola lomwelo limene unatumizidwa, osachedwa n'pang'ono pomwe. Ndinausindikiza papepala mwachizolowezi, ndinatuluka mu ofesi, n'kulowa m'kachipindako. Ndinaima pakati pa chipinda, pepala lili m'manja, ndikuyang'ana benchi, ndipo munalibe munthu woti ndimupatse.